Saa Nane Usiku

Inu amene mudzaphunzitsa ana kulemba makalata a nchito, lekani ndikuuzeni zimene zinandigwera ku Zanzibar.

Hotela imene ndinafuna kukafikirako ili ku Nungwi, m'mphepete mwa nyanja kumpoto kwa cisumbuco, makilomita ngati 60 kucokera ku bwalo la ndege la Abeid Amani Karume. Popeza ndege inali yofika 8 koloko usiku, ndinalemberatu eni hotela kuti adzatumize galimoto yodzatenga ine ndekha, ndipo mtengo tinamvana. Koma ponyadira maphunziro anga a zinenero, ndinalemba m'Ciswahili kuti ndidzafika "saa nane usiku". Nambala ya ndege sindinaichule, poiyesa yopanda pake.

Liu lililonse linali m'malo mwake, ndipo "usiku" ndi liu lathu lomwe. Cimene ndinaiwala ndi cakuti Aswahili amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka, nayambanso likalowa: 7 koloko m'mawa kwa iwo ndi "saa moja". Motero 8 koloko usiku ndi "saa mbili", ndipo ine ndinali nditaitana galimoto ya 2 koloko, tambala asanalire.

Ndinaima pakhomo ndi kuwerenga maina pa mapepala amene oyendetsa magalimoto ananyamula, langa osaoneka. Nditaimba foni, ndinapeza kuti mnyamatayo anagoneratu kwao ku Nungwi kuti adzuke pakati pa usiku. Sanandiseke. Anangofunsa mwaulemu kuti, "Nanga nambala ya ndege, bambo?" Ndinakhalira cikwama canga ola limodzi ndi theka, kudikira nyali za galimoto yake.