Tinatsala pang'ono kudana chifukwa cha boti

Anzanga a pamsika, makamaka inu ogulitsa nsomba, lero ndati ndikuululireni za kwathu. Ena mukandiona nditakhala kuseli kwa milu ya matemba pa Limbuli pano mumanong'onezana kuti, "Mayi awa ali ndi boti kunyanja, zawo zinayera kale." Zoona, boti lilipo. Koma chomwe simudziwa n'chakuti boti limeneli linatsala pang'ono kupasula mbumba yonse, mpaka achimwene anga obadwa nawo bere limodzi anatha chaka chathunthu osandiyankhula.

Nkhani yake ili chonchi. Bambo athu anatisiya mu 2016 atagwira ntchito zaka zambiri-mbiri pa esiteti ina ya tiyi konkuno ku Mulanje. Ndalama zawo zitatuluka mu 2017, mayi anatiitanitsa tonse pansi pa mtengo wa mango n'kunena mawu awiri okha: "Ndalamazi zisathere pa mphika. Muziike pa chinthu chobereka."

Ine ndi amene ndinayambitsa za boti. Pa Limbuli palibe nyanja, mukudziwa. Tili ndi Ruo ndi Muloza, mitsinje ya miyala yotsika m'phiri, yomwe boti silingapindulemo kanthu. Koma matemba, makumba ndi milamba yomwe ndimagulitsa ndimakaitenga ku nyanja ya Chilwa, kudzera msewu wa Chiringa mpaka kukafika pa doko la Swang'oma ku Phalombe. Zaka zonsezo ndinkaona m'mene phindu limathera m'njira: mwini boti adye, wokaola m'mamawa adye, woyanika adye, wagalimoto adye, ine n'kutsala ndi zotola. Komanso mwana wa achemwali anga anali kale kunyanjako, kupalasira maboti a eni pa ganyu. Ndiye ndinati, bwanji tikhale ndi lathu?

Onse anavomera. Nkhondo inabuka pa funso loti, boti lake lotani?

Achimwene anga ali ku Durban. Kumeneko amaona anthu akuthamangitsa maboti panyanja ya mchere, ena akukokedwa pambuyo atakhala pa chubu. Anatitumizira zithunzi pa WhatsApp: boti la faiba loyera mbee, la mipando, injini yaikulu ya Yamaha kumbuyo kwake.

"Achemwali," anatero pa foni, "musamaganize ngati anthu akale. Boti limeneli m'mawa likapha nsomba, masana linyamula alendo okaona chilumba cha Chisi, pa Khirisimasi ana athu azisewera nalo. Ndalama yotsalayo ndiwonjezera ine ndi ma randi."

Atsibweni, omwe ndi eni mbumba, anangoti kukamwa yasa! Iwo ankafuna bwato la mtengo umodzi, losema. "Mphwanga, bwato silimwa petulo, silifuna makaniko. Agogo anu anaphera nsomba m'bwato mpaka kukalamba. Ndalama imene mukufuna kutayayi tingagule mabwato angapo n'kutsalanso ya matchera."

Kunena zoona, mtima wanga unali pa chithunzi chija. Ndani safuna kuti anthu aziti boti lokongola lija ndi la kwa uje? Koma ndine wa malonda. Sindigula thumba la matemba ndisanapise dzanja mpaka pansi, chifukwa pamwamba amaika abwino. Ndinapempha kuti andipatse masabata awiri ndikafunse kwa eni madzi. Paja safunsa anadya phula.

Ndinagona ku Swang'oma masiku anayi, kenaka n'kupita ku Kachulu, doko lalikulu la ku Zomba. Zomwe ndinamva kumeneko ndi zomwe ndikufuna mumve inunso.

Choyamba, Chilwa si nyanja ya Malawi, ndiponso si Durban. Ngakhale ndi nyanja yachiwiri kukula m'dziko muno, ndi yosazama. Malo ambiri madzi sapitirira mamita awiri kapena atatu, ndipo m'mphepete monse muli matope, udzu ndi mabango. N'chifukwa chake asodzi ambiri kumeneko amayendetsa boti pokankha pansi ndi nsungwi yaitali, nkhafi n'kumangothandizira. Nditaonetsa chithunzi cha achimwene kwa mkulu wina wosoka ukonde, anaseka mpaka kutsokomola. Anati boti la pansi posongoka ngati limenelo limafuna madzi akuya, ndipo pulopela ya injini yaikulu ingamangokola udzu ndi maukonde a anthu, ife n'kumalipira milandu tsiku ndi tsiku.

Chachiwiri, nyanjayi imaphwa. Madzi ake amachokera m'mitsinje monga Domasi, Likangala, Thondwe, Phalombe ndi Sombani, koma palibe mtsinje wotulukamo. Mvula ikavuta zaka zotsatizana, dzuwa limamwa madzi onse. Akulu-akulu anandikumbutsa za 1968 ndi 1995, pomwe anthu ankayenda wapansi pomwe lero pamayandama maboti. Mkulu uja anati, "Mayi, pogula boti pano muzifunsa kuti, madzi akathawa chaka chathunthu, ndalama yanga idzakhala ili moyo?"

Chachitatu, likaonongeka alikonza ndani? Boti la matabwa likayamba kuchucha, mmisiri ali pa doko pomwepo ndi misomali, nsanza ndi phula, dzuwa lisanalowe labwerera m'madzi. La faiba likang'ambika, mankhwala ake omatira n'kukawasaka m'tauni. Injini ikafa, sipeya wake ndi ulendo wa ku Limbe, boti lili chigonere, antchito akudya.

Bwato la atsibweni nalonso linali ndi zovuta zake. N'lotsika mtengo ndithu, koma limanyamula anthu awiri kapena atatu basi, ndipo mphepo ya mwera ikaomba m'miyezi yozizira siliona kuchedwa kugudubuka. Ana simungawaikemo mtima uli m'malo. Komanso mitengo ikulu-ikulu yosemera mabwato abwino, monga mbawa, inatha kale-kale m'madera amenewa. Mabwato ambiri a masiku ano ndi a mitengo yofewa, yosakhalitsa.

Apa pali chinthu chomwe chinandipweteka monga mwana wa ku Mulanje. Mmisiri wa ku Kachulu anandiuza kuti kale thabwa lenileni la boti linali la mkungudza wa m'phiri lathu lomweli, chifukwa suola msanga m'madzi ndipo chiswe sichiudya. Mtengo umenewu boma linausankha kukhala mtengo wa fuko mu 1984, koma anthu anaucheka usiku ndi usana mpaka mitengo yaikulu inatheratu m'phirimo. Anati munthu akabwera n'kundinong'oneza kuti ali ndi matabwa a mkungudza, ndidziwe kuti mwina ndi akuba kapena ndi abodza. Anandilangiza mlombwa ngati thumba likulola, bulugamu wokhwima ngati silikulola, koma paini ayi, chifukwa amaola msanga.

Nditabwerera kumudzi ndinauza abale kuti tikhometse boti la matabwa, la pansi pophwatalala, lotakasuka bwino moti likhoza kunyamula ukonde, anthu ndi matumba, loyenda ndi nsungwi ndi nkhafi. Kumbuyo kwake mmisiri aikeko thabwa lochindikala, kuti tsiku lina tikadzapeza ndalama tidzakoleke kainjini kakang'ono. Yotsala tigulire matchera ndi majaketi oyandamitsa munthu m'madzi.

Atsibweni anang'ung'udza koma anavomera. Achimwene ndiye anapsa mtima zedi. Anati ndawanyoza pamaso pa mbumba, ndagula "bokosi la maliro" ndi ndalama za bambo. Ma randi aja sanatumize. Foni yanga anasiya kuyankha. Mayi ankalira usiku, ine ndikumva.

Ndiye ngati kuti akumwamba akufuna kundiyesa, botilo litangogwira ntchito miyezi yowerengeka, mu 2018 nyanja inayamba kuthawa. Pofika kumapeto kwa chaka, madoko anali fumbi lokha-lokha, maboti ali ngundangunda pa matope ong'ambika. Lathu linali pomwepo. Matemba anasowa, ine n'kuyamba kugulitsa usipa wa ku Mangochi wooda ku Limbe, phindu lake losaoneka n'komwe. Kumudzi anthu anayamba kuyankhula. Ena ankati ndalama za malemu zili ndi tsoka. Masiku amenewo, anzanga, ndinkadana ndi kudutsa pansi pa mtengo wa mango uja.

Koma taonani. Boti lathu silinali ndi ngongole, silinali ndi injini yoti ichite dzimbiri kapena kubedwa. Mwana wa achemwali uja analikokera pa mthunzi, n'kulifunditsa udzu kuti dzuwa lisang'ambe matabwa. Munthu wina yemwe anatenga ngongole n'kugula injini chaka chomwecho anaigulitsa motchipa kuti abweze ndalama za eni. Mvula yamphamvu ya mu Marichi 2019, nthawi ya namondwe wa Idai, itabweza madzi, ife tinangogula phula ndi misomali, boti n'kubwerera pa ntchito.

Kuyambira pamenepo boti lakhala likutidyetsa. Silinatilemeretse, ndisakunamizeni. Nsomba za ku Chilwa zinachepa poyerekeza ndi kale, ndipo pali masiku omwe anyamata amabwerako ndi ndiwo zokha. Koma nsomba zikachepa, botilo limanyamula anthu, nkhuni ndi matumba a mpunga, ndalama n'kumalowabe. Petulo atasowa mu 2022, anthu akugona pa mizere ya pa filing'i siteshoni, maboti a injini anaima, lathu likuyenda. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa nsungwi yokankhira sunatidetse nkhawa.

Tsiku lomwe sindidzaiwala ndi la mu Marichi 2023, pa namondwe wa Freddy. Inu a ku Limbuli ndi ku Muloza simufuna kuuzidwa, munaona ndi maso m'mene phiri linasanzira madzi ndi miyala, milatho kukokoloka, anthu kupita. Ife kuno tinatha masiku osadziwa ngati mwana uja ali moyo. Netiweki itabwerera tinamva kuti madzi atasefukira m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja, iye ndi anzake ankalowa ndi botilo mpaka pakhomo pa anthu, kutenga nkhalamba, ana ndi timatumba ta chimanga kupita nazo kumtunda. Pomwe ankadutsa panali minda, zitsa ndi mipanda yomira. Boti la pansi posongoka silikanadutsa, bwato losema likanatenga awiri-awiri. "Bokosi la maliro" lija linatulutsa anthu amoyo.

Achimwene anali atayamba kale kundiyankhula pang'ono-pang'ono, koma za boti sitinkazitchula. Atamva nkhani imeneyi anaimba okha. Sanapepese, amuna a kwathu mukuwadziwa. Anangoti, "Achemwali, boti lija likufunika penti. Ndituma ndalama."

Nanga zosewera zija? Apa ndiye pali nkhani yoseketsa. M'miyezi ya mvula, kuyambira Disembala, nyanja ya Chilwa amaitseka kuti nsomba ziswane, ndipo makomiti a pa doko, aja amati ma BVC, amalanda makoka a anthu osamva. Ndiye kuti nthawi ya Khirisimasi boti limakhala lilibe ntchito yambiri. Achimwene atabwera ku tchuthi ndi ana awo, tinapangana ulendo wa ku Swang'oma banja lonse. Ana tinawaveka majaketi aja, tinawalowetsa m'boti asanu okha pa ulendo umodzi, osapitirira, chifukwa ngozi zambiri za pamadzi zimachitika kaamba kodzaza. Anaona mbalame za mitundu-mitundu zomwe zinachititsa kuti nyanjayi ilowe m'gulu la madambo otetezedwa pa dziko lonse. Anaona zimbowera, tinyumba toyandama tomwe asodzi amagonamo pakati pa nyanja. Ana a ku Durban aja anaiwala za foni tsiku lonse.

Madzulo anyamata a pa doko anatiputa kuti tipikisane, boti lathu ndi lawo, kukazungulira pa mabango n'kubwerera. Achimwene anavula nsapato, n'kulanda nsungwi kuti aonetse za ku Joni. Anakankha kamodzi, kawiri, kachitatu nsungwi inatitimira m'matope n'kukana kuzuka. Boti linapitirira, iwo n'kutsala atakakamira nsungwi, kenaka phava! m'madzi. Tonse tinakuwa. Koma ataimirira, madzi anali m'chiuno. Atsibweni anaseka mpaka misozi, n'kunena kuti, "Mphwanga, injini yako ija ukanaiika pati?" Mpikisano tinaluza, koma tsiku limenelo mayi anadya nsima yambiri koposa masiku onse chimwalirire bambo.

Ndiye inu amene mukusonkha ndalama pa banja kapena ku banki m'khonde kuti mugule boti, kaya ndi ku Chilwa, ku Malombe kapena ku Mangochi, pitani kaye mukagone pa doko. Funsani kuya kwa madzi, funsani mphepo, funsani mmisiri ali kuti, funsani chomwe botilo lidzachite miyezi yomwe nyanja yatsekedwa. Kwina injini ndi yofunikadi. Pa nyanja ya Malawi, pomwe usipa amautsata kutali usiku, nsungwi yathuyi singakuthandizeni. Gulani boti la madzi omwe muli nawo, osati la madzi a pa chithunzi. Ndipo musafune kuti boti limodzi likhale lothamanga, lonyamula katundu, lotchipa ndi lokongola nthawi imodzi. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Sankhani ntchito yomwe idzadyetse ana, zosewera zidzapeza malo pambuyo.

Thabwa lochindikala lija likadali kumbuyo kwa boti lathu, lopanda injini mpaka lero. Achimwene akuti chaka chamawa agula kakang'ono, ka mahatchi 15. Atsibweni akuti bola agule ng'ombe. Mayi ayitanitsanso msonkhano pansi pa mtengo wa mango, ndipo ine ndauza onse kuti ndibwera ndi kope langa la maakaunti.