Mpope ndiwo usankha cipolopolo

Pakati pa ise okonda nkhani za mfuti zosakila nyama pali cikhulupililo cimene sicikutha: cakuti cipolopolo colemela ndico camphamvu. Munthu akamva kuti m'sitolo mwafika zipolopolo za magrain 200, zija za 150 amayamba kuziona monga za ana. Ambili a ise tinakulila mu Lusaka, mu Chipata kapena mu Kabwe, ndipo mfuti tinaidziwila kwa amalume a laisensi, kwa anzathu ogwila nchito m'makampu a osaka nyama ku Luangwa, kapena pa YouTube. N'cifukwa cake mikangano yathu imathela pa nambala yolembedwa pa bokosi. Koma nambala ija ilibe mau omaliza. Mau omaliza ali na mpope wa mfuti.

Gogodela ya agogo inali na mpope wosalala mkati, ndiye cipolopolo cake cinali kupita kumene cafuna cikangodutsa mamita ocepa. Mfuti yosakila ya masiku ano ili na timizele topota mkati mwa mpope. Timizele tumeneto tumazungulutsa cipolopolo monga nguli imene ana amakwapula pabwalo. Nguli ikamazungulila mwamphamvu imaima cilili, ikacepa liwilo imayamba kudzandila mpaka kugwa. Kupota kumeneku amakucha twist. Mukaona 1:12, ndiye kuti cipolopolo cimazungulila kamodzi pa mainchi 12 alionse a mpope. Pa 1:8 cimazungulila kamodzi pa mainchi 8, kutanthauza kuti cimazungulila mofulumila kwambili. Nambala ikacepa, kupota kumakula. Cipolopolo cotuluka pa liwilo la mafiti 2,800 pa sekondi mu mpope wa 1:10 cimazungulila maulendo oposa 200,000 pa mphindi imodzi.

Manje apa ndipo ambili timasokonezeka. Cimene cimafuna kupota kwambili ni kutalika kwa cipolopolo. Kulemela kumangobwela pambuyo, cifukwa kukula kwa bowo la mpope sikusintha, ndiye cipolopolo kuti cilemele ciyenela kutalika. Mu 1879 katswili wa masamu wa ku England, Alfred George Greenhill, anapeleka masamu osavuta amene anthu akali kuwasewenzetsa. Tengani kukula kwa cipolopolo m'mainchi, kucukitseni na kukula komweko, cukitsaninso na 150, ndiyeno gawani na kutalika kwake. Cipolopolo ca .308 cotalika inchi 1.2 cimapeleka pafupifupi 12, ndiye mpope wa 1:12 ungacikwanitse. Cikatalika kufika pa 1.4 yankho imatsika kufika pafupifupi 10. Kusiyana kwake ni kocepa kuposa cikhadabo, koma kwasintha mpope wofunika.

Dzina la timu yathu ya mpila likutikumbutsa mfundo ina. Kopa ni wopepuka kuposa mtovu. Cipolopolo ca kopa yekhayekha ca magrain 180 cimakhala cacitali kuposa ca mtovu colemela cimodzimodzi, ndipo mpope umene unali kuombela bwino ca mtovu ungakane ca kopa. Mofananamo, cipolopolo ca mutu wobulungila cimakhala cacifupi kuposa cosongoka. Ndiye cifukwa cake .30-06 ya 1:10 imanyamula ca magrain 220 ca mutu wobulungila popanda vuto.

Ngakhale makampani akuluakulu anagwapo m'mbuna imeneyi. Mu 1955 ku America, Remington inatulutsa .244 na mpope wa 1:12, pomwe Winchester inatulutsa .243 na mpope wa 1:10. Zonse ziwili ni za mamilimita 6. Ya Winchester inali kuombela zipolopolo za magrain 100 zimene osaka agwape anali kufuna, pomwe ya Remington inali kugulitsidwa na za 75 na 90, ndipo mbili inafala yakuti siigwila zazitali. Ogula anathamangila ku .243. Mu 1963 Remington inasintha dzina kukhala 6mm Remington na kuika mpope wa 1:9, koma msika unali utapita kale. Mpaka lelo .243 ndiyo timaimva m'makambilano athu.

Twist ya mfuti yanu mungaipime mweka panyumba. Tsimikizani kuti mfuti ilibe cipolopolo. Mangani kansalu kothina pa ndodo yotsukila, ilowetseni mu mpope, ikani cizindikilo pa ndodo, ndiyeno ikankheni pang'onopang'ono mukuilola kuzungulila yokha. Cizindikilo cikazungulila kamodzi n'kubwelela pamwamba, pimani mtunda umene ndodo yayenda. Mainchi amenewo ndiwo twist yanu. Pambuyo pake pepala ndilo limaweluza. Ombelani pa mamita 100 pamalo ololedwa. Mabowo obulungila bwino, okhala pamodzi, aonetsa kuti mpope na cipolopolo zagwilizana. Mabowo otalika monga pa kiyi wa citseko aonetsa kuti cipolopolo cikufika cam'mbali.

Ena amati vuto limeneli lingathe mwa kudzilongela zipolopolo, kutenga zigoba zakale na kuikamo onga na mitu imene wasankha wekha. Ku South Africa na ku America anthu ambili amacita zimenezi, ndipo opanga onga monga Somchem na Hodgdon amasindikiza miyezo ya onga wa mtundu uliwonse. Kwathu kuno mfuti na zipolopolo zili pansi pa lamulo la Firearms Act, ndiye ulendo woyamba ni wa ku polisi kukamva zimene laisensi yanu ilola. Koma ngakhale kumene kudzilongela n'kofala, onga sukonza twist. Kuonjezela liwilo kumathandiza pang'ono cabe pa kuimika cipolopolo, pomwe mphamvu yokankha mkati mwa mfuti imakwela msanga. Cipolopolo colemela cimacedwa kunyamuka, ndipo cacitali cimalowa kwambili m'cigoba na kucepetsa malo a onga. Munthu akatenga muyezo wa onga wa magrain 150 n'kuuika pansi pa ca 200, waika nkhope yake na dzanja lake pangozi. Odziwa amayambila pa muyezo wotsikitsitsa wa m'buku la opanga onga, amakwela pang'onopang'ono, ndipo bolt ikangoyamba kulimba potsegula amaleka. Miyezo ya pa WhatsApp saikhulupilila.

Nkhani yonseyi ikanakhala ya papepala cabe, sembe tangoseka n'kupita. Koma kumapeto kwa cipolopolo kuli nyama yamoyo. Cipolopolo codzandila cimaphonya pamene munaloza ndipo sicilowa molunjika. Mphala yolasidwa m'mimba imathawila m'chile n'kukafa patapita masiku, nyama yaonongeka, laisensi ya ku Department of National Parks and Wildlife yalipilidwa pacabe. Ikakhala njati m'dela monga Lupande, wovutika ni wolondola mapazi amene ayenela kuitsatila m'matsekela, komanso mayi wa m'mudzi wapafupi amene adzapita kukatola nkhuni mawa lake osadziwa kanthu.

Ndiye tikakumananso pa mkangano wa magrain, tiyambe na mafunso ena. Mpope wako ni wa twist yanji? Cipolopolo ico n'cotalika bwanji? Unaciombela papepala, ndipo mabowo anaoneka bwanji? Mnzathu akayankha atatuwa n'kupeza kuti mfuti yake ya 1:12 imakonda za 150, asacite manyazi kugula za 150. Akafunitsitsa zazitali zolemela, asunge ndalama za mpope wina.