Makina achotse mchenga, koma kuwala tiike tokha

Ntchito yanga ndi yoika kuwala m'zithunzi za mafilimu zopangidwa pa kompyuta. Ena amaumba chilombo, ena amachiyendetsa, ena amakoleza moto ndi kufukiza utsi, koma zonsezo zikatha zimafika kwa ine kuti ndisankhe kumene dzuwa likuchokera ndi kumene mthunzi ugwere, kenako kompyuta iwerengetse chithunzi chomaliza, ntchito imene timaitcha render. Anzanga ena amachita tsinya akamva kuti masiku ano timamalizitsa ntchitoyi ndi neural network. Ine ndikuti chida chimenechi n'chabwino, bola tichipatse ntchito yake yokha, yoyeretsa chithunzi chimene kuwala kwake tawerengetsa kale, osati yotijambulira.

Nkhani yagona pa nthawi. Mu 1986 James Kajiya analemba masamu ofotokoza mmene kuwala kumayendera, ndipo njira yake ya path tracing ndi imene pamapeto pake inafala m'makampani a mafilimu. Kompyuta imaponya timizere ta kuwala mwachisawawa kuchokera pa kadontho kalikonse ka chithunzi, n'kumatitsatira tikamagunda khoma, khungu kapena galasi. Timizere tikachepa, chithunzi chimatuluka ngati chathiridwa mchenga. Masamu ake alibe chisoni: kuti mchengawo uchepe ndi theka pamafunika timizere towirikiza kanayi, ndipo kuti uchepenso ndi theka, kanayi kenanso. Chithunzi chimodzi cha 4K chili ndi timadontho toposa 8 miliyoni, kuwirikiza kanayi cha 1080p. Filimu imadya zithunzi 24 pa sekondi, moti ya mphindi 90 imafuna zithunzi 129,600. Mmene kuwala kwakhalira kumaoneka msanga. Maola ambiri a makina amathera pothamangitsa mchenga wotsalawo.

Apa ndi pamene neural network imagwira ntchito yooneka. Mu 2017 akatswiri a Disney Research, Pixar ndi yunivesite ya California ku Santa Barbara anaphunzitsa netiweki poionetsa zithunzi za filimu ya Finding Dory ziwiriziwiri, china chamchenga, china choyera, ndipo anapeza kuti imayeretsanso bwino zithunzi za Cars 3 ndi Coco zimene sinazionepo. Chimene chimandikhutiritsa ndi kapangidwe kake. Netiwekiyo sinkalosera mtundu wa kadontho. Inkangosankha kuti pa timadontho toyandikana nako, kati kamvedwe kwambiri ndipo kati kanyalanyazidwe posakaniza. Timaipatsanso mtundu weniweni wa chinthu chisanaunikidwe, kumene nkhope ya chinthucho yaloza ndi kutalikira kwake ndi kamera, kuti idziwe pamene pali malire enieni ndi pamene pali mchenga chabe. Kuwala kumakhalabe komwe tinaika ife. Mu 2019 Intel inatulutsa chida choyeretsera chaulere chotchedwa Open Image Denoise, chaka chomwecho chinalowa mu pulogalamu ya Blender, ndipo mu 2025 bungwe lopereka mphoto za Oscar linalemekeza amene anapanga zida zoterezi. Phindu lalikulu kwa mmisiri si kuweruka msanga ayi, koma kuyesa kambiri. Wotsogolera filimu akati nyali isunthe pang'ono, yankho limaoneka asanadzuke pampando, ndipo kampani yaing'ono yopanda chipinda chodzaza makompyuta imatha kupikisana ndi makampani akuluakulu.

Otsutsa amati netiweki imadya zinthu zing'onozing'ono, ndipo sanama. Tsitsi imaliphatikiza, ulusi wa nsalu imausalaza, khungu la nkhalamba limatha kutuluka losalala mopitirira, ndipo kunyezimira kwa madzi nthawi zina imakuyesa mchenga n'kukufufuta. Choipitsitsa chimaoneka zithunzi zikamayenda: chilichonse pachokha n'choyera, koma chayeretsedwa mosiyana pang'ono ndi chinzake, ndiye mithunzi imaphethira. Komabe nthawi zambiri vutoli limabwera tikaimana chakudya. Munthu akaipatsa timizere tochepetsetsa kuti amalize msanga, netiweki imasowa pogwira, ndiye imangoganizira. Mankhwala ake ndi odziwika kwa aliyense wa ntchitoyi: kuwonjezera timizere pamene pali tsitsi ndi utsi, kuyeretsa padera kuwala kofalikira ndi kuwala konyezimira, kugwiritsa ntchito zida zoyang'ananso chithunzi cham'mbuyo ndi cham'tsogolo, ndi kubwezeretsa timadontho tachibadwa ta kamera pophatikiza ndi zojambulidwa zenizeni. Tisaiwalenso kuti zosefera zakale, zopanda netiweki, zinkasalazanso tsitsi lomwelo.

Ena amatsutsa kuchokera mbali ina: ngati makina akutha zimenezi, bwanji osawasiyira zonse? Amaloza DLSS ya Nvidia, imene inalengezedwa mu 2018, yomwe imalola masewera a pa kompyuta kuwerengetsa chithunzi chaching'ono n'kuchikulitsa. Amalozanso mapulogalamu otulutsa kanema munthu akangolemba mawu. Kwa opanga masewera nzeru imeneyi ndi yoyenera, chifukwa pa zithunzi 60 pa sekondi, chilichonse chiyenera kupsa pasanathe mamilisekondi 17, ndipo wosewera saimitsa masewera kuti awerenge nsidze. Filimu ndi ina. Chilombo changa chiyenera kugwirizana ndi dzuwa limene linawala tsiku lojambula, ndi lenzi imene inali pa kamera, ndi mthunzi wa wosewera weniweni amene waima pambali pake. Ndikauzidwa kuti ndifupikitse mthunzi umodzi, zina zonse ziyenera kukhala mmene zinalili, kadontho ndi kadontho. Chida chimene chimalota chithunzi chatsopano nthawi iliyonse chikafunsidwa sichingandilonjeze zimenezo. Kukulitsa zithunzi ndi netiweki ndimakuvomereza pa zoyeserera ndi pa zinthu zakutali, koma pa nkhope yodzaza sikirini ndimakayika.

Za kulanda ntchito, chida choyeretsachi chalanda maola a makina, osati maso a munthu, ngakhale kuti nthawi yopulumutsidwayo eni ntchito sachedwa kuimeza pofupikitsa masiku omalizira. Kwa inu amene mukuphunzira ntchitoyi, musapereke chithunzi choyeretsedwa musanachiyerekeze ndi china chimene mwachisiya chiwerengetsedwe mokwanira popanda netiweki, ndipo muzionere zikuyenda, pa sikirini yaikulu.