Mamilimita a Pakati pa Maso Awiri

Ntchito yanga ndi kudula magalasi a maso ndi kuwaika m'mafulemu. Dokotala akamuyeza munthu amamulembera kapepala ka manambala, ndipo ine ndimasandutsa manambalawo kukhala chinthu chokhazikika pamphuno. Anthu akalowa mu shopu amachita chidwi ndi makina odulira, poti ndiwo amalira ndi kuwaza madzi. Koma makinawo amangotsata pomwe ndawalozera. Luso lenileni lagona pa timadontho tiwiri ta inki timene ndimalemba munthu atavala fulemu imene wasankha, kamodzi molunjika mwana wa diso lamanja, kena wa lamanzere.

Ndimamukhazika moyang'anizana nane, maso athu atalingana msinkhu. "Bambo, yang'anani diso langa ili," ine nditatsinzina linalo, n'kudontheza inki. "Tsopano ili." Kenako rula. Akuluakulu ambiri mtunda wa pakati pa ana a maso awo umakhala cha pa mamilimita 63, ena umatsika mpaka m'ma 50, ena umapyola 70. Diso lililonse ndimaliyeza palokha kuchokera pakati pa mphuno, chifukwa nkhope ya munthu siilingana mbali zonse. Kupeza 31 kumanja ndi 33 kumanzere si zachilendo.

Mamilimita amenewa ndiwo amachititsa kuti maso awiri asaone chithunzi chimodzimodzi. Imikani chala patsogolo pa mphuno, muzitsinzina maso mosinthanasinthana: chalacho chizidumpha uku ndi uku pomwe khoma la kumbuyo likungosuntha pang'ono. Ubongo umawerenga kusiyana kumeneku. Chinthu chikayandikira kumakula, chikatalikira kumachepa, ndipo n'chifukwa chake timaona kuti ichi chili kutsogolo, icho kumbuyo, pakati pali mpata woti dzanja lingalowe.

Amene anatsimikiza zimenezi ndi Charles Wheatstone wa pa King's College ku London, mu 1838. Bambo ameneyu ndimamulemekeza chifukwa funso la anthu ophunzira analiyankha ndi manja. Anaimika akalilole awiri mopendeka, aliyense wa diso lake, n'kujambula pa mapepala awiri mizere ya kabokosi monga mmene diso lililonse lingakaonere. Inali mizere chabe, yopanda mthunzi, yopanda utoto, popeza zithunzi za kamera zinali zisanabwere poyera. Munthu akasuzumira m'akalilolemo, mizere ija inkatukuka papepala n'kuima ngati chinthu chogwirika. David Brewster wa ku Scotland anakonzanso chipangizochi, stereoscope, n'kuikamo magalasi m'malo mwa akalilole, ndipo chitaonekera pa chionetsero chachikulu cha ku London mu 1851 chinalowa m'nyumba zambiri. Makanema a 3D a lero akuyenderabe nzeru yomweyo.

Komatu ubongo uli ndi malire ake. Peter Panum wa ku Denmark anaonetsa mu 1858 kuti zithunzi ziwirizo zimaphatikizana pokhapokha ngati zasiyana pang'ono. Zikasiyana mopyola, munthu amaona ziwiriziwiri. Apa ndi pamene ine ndimalowera, ndipo ndi pamene mmisiri wosasamala amavulazira anthu.

Galasi lililonse lamphamvu lili ndi malo amodzi pomwe kuwala kumadutsa osakhota. Malowo ndimawapeza ndi chipangizo chotchedwa lensmeter n'kuwadinda, ndipo podula ndiyenera kuwagwetsa pa kadontho kaja. Diso likayang'anira pambali pa malowo, galasi limakhotetsa kuwala ngati prism, chithunzi n'kusamuka pomwe chimayenera kukhala. Kawerengedwe kake anatisiyira Charles Prentice wa ku New York mu 1890, ndipo n'kosavuta: masentimita amene waphonya uwachulukitse ndi mphamvu ya galasi. Pa magalasi owerengera a +2.00, kuphonya ndi mamilimita atatu kumabala prism ya 0.6, imene maso ambiri amapirira. Kuphonya komweko pa galasi la +10.00 kumabala prism ya 3. Pamenepo chinthu chimene chili pa mita imodzi chasamuka ndi masentimita atatu, chimene chili pa mamita asanu chasamuka ndi masentimita 15. Kusamukako kukakhala cham'mbali, minofu ya maso imayesetsa kukoka, ngakhale kuti dzuwa likamapendeka mutu umakhala ukuwawa. Kukakhala kokwera kapena kotsika, maso alibe nako mphamvu kwenikweni. Maso awiri ali ngati ng'ombe ziwiri pa goli limodzi: goli likapendama, zonse zingakhale zonenepa, ngolo imapita kutchire.

N'chifukwa chake fulemu yopindika imandidetsa nkhawa kuposa galasi lakale. Amabwera agogo, mwendo wina wa fulemu utamangidwa ndi waya, galasi lina lili pamwamba, lina pansi. "Mwanawe, maso anga atheratu, masitepe ndikumaaona awiri." Ndimatenthetsa fulemuyo, kuiwongola, kukonza timapadi ta pamphuno, n'kuwauza kuti, "Agogo, tayendani mufike pakhomopo." Nthawi zambiri mapazi amayamba kugwa molimba. Maso anali bwinobwino. Zoterezi zimachitikanso munthu akabwereka magalasi a mbale wake poti "tonse tili ndi vuto limodzi", kapena akachotsa magalasi m'fulemu yakale n'kuwapala kuti alowe mu ina. Mphamvu ingakhale yomweyo, koma pakati pa galasi pasamuka.

Pali vuto lina limene amisiri akale analimbana nalo kwambiri. Kale munthu akachotsedwa ng'ala, diso linkatsala lopanda galasi lake lachibadwa, ndiye ankapatsidwa mandala okhuthala a cha m'ma +10.00. Mandala oterewa amakulitsa chithunzi ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Ngati diso linalo linali labwino, ubongo unkalandira chithunzi chachikulu kuno, chaching'ono uko, n'kulephera kuzigwirizanitsa ngakhale mmisiri atayeza mosamala chotani. Anamasula mfundoyi ndi Harold Ridley, amene mu 1949 ku St Thomas' Hospital ku London anayamba kuika kagalasi ka pulasitiki m'kati mwa diso momwe. Lero ochitidwa opaleshoni ya ng'ala amaikidwa kagalasi kotere, ndipo ine ndimangotsala ndi ntchito yopepuka ya magalasi owerengera. Komabe kapepala kakabwera diso lina lili kutali ndi linzake pa mphamvu, ndimakhala pansi n'kuganiza za makulidwe a galasi ndi kutalika kwake kuchokera kudiso, kuti zithunzi ziwirizo zisasiyane msinkhu mopyola.

Kafukufuku amene anasintha kaonedwe kanga ka galasi lokalika ndi wa Béla Julesz, injiniya wa ku Hungary amene anachoka kwawo mu 1956 n'kukagwira ntchito ku Bell Labs ku America. Mu 1960 anafalitsa zimene anachita ndi kompyuta. Anadzaza zithunzi ziwiri ndi timadontho takuda ndi toyera tomwazika mwachisawawa, zofanana ndendende, kupatula kachigawo ka pakati ka ngodya zinayi kamene anakasunthira pang'ono cham'mbali pa chithunzi chimodzi. Ndi diso limodzi palibe chooneka, timadontho tokhatokha. Koma diso lililonse likapatsidwa chithunzi chake, kachigawo kaja kamayandama pamwamba pa pepala, m'mbali mwake muli gwa. Ndiye kuti ubongo sudikira kuti uzindikire kaye kuti ichi ndi chikho kapena mpando. Umafananiza kadontho ka kumanja ndi mnzake wa kumanzere, kuya kwa zinthu n'kutuluka pomwepo. Mu 1967 Horace Barlow, Colin Blakemore ndi John Pettigrew ku Berkeley anapeza mu ubongo wa mphaka maselo amene amadzuka pokhapokha zithunzi za maso awiri zikasiyana ndi muyeso umene selo lililonse limafuna.

Tsono taganizani galasi limodzi litakalikakalika chifukwa chopukutidwa ndi malaya a fumbi, linalo lili lowala. Timadontho ta mbali imodzi tafufutika, tinzake tasowa tofanana nato. Ofufuza anapezanso kuti chimbuuzi cha diso limodzi chimasokoneza kuona kuya kuposa chimbuuzi chomwecho chikakhala m'maso onse awiri. Choncho munthu akandiuza kuti, "Achimwene, ndalama zachepa, ingondikonzerani la diso labwinoli, linalo lisiyeni," ndimamvetsa za ndalamazo, koma sindivomera msanga. Ndi bwino asankhe fulemu yotchipa kwambiri, magalasi akhale awiri olondola.

Ngakhale mtundu wa galasi uli ndi mlandu. Magalasi osintha mtundu padzuwa akakalamba sada mofanana ndi atsopano, ndiye ukasintha limodzi lokha munthu amatuluka panja diso lina lili mumdima kuposa linzake. Uthenga wa diso lamdimalo umafika mu ubongo mochedwerapo pang'ono. Chinthu chikamadutsa chopingasa, maso awiri amachiona pa malo osiyana, ndipo ubongo umawerenga ngati chayandikira kapena chatalikira. Mangani kamwala ku chingwe, mukagwedeze uku ndi uku, muphimbe diso limodzi ndi galasi ladzuwa, onse awiri ali otsegula: muona kamwalako kakuzungulira. Anafotokoza zimenezi ndi Carl Pulfrich wa ku kampani ya Zeiss ku Jena mu 1922, munthu amene diso lake lina linali lakhungu, moti chodabwitsa chimene chimatchedwa ndi dzina lake sanathe kuchiona yekha. Dalaivala ndimamuuza mosapita m'mbali kuti magalasi amtundu amasinthidwa onse awiri.

Ndisanamizire kuti wa diso limodzi sayenda. Amayenda, amalima, amapalasa njinga. Amadalira kukula kwa zinthu, mithunzi, chimene chaphimba chinzake, ndiponso amagwedeza mutu pang'ono kuti zapafupi zisunthe kuposa zakutali. Komanso kusiyana kwa maso awiri kumatha mphamvu msanga ndi mtunda: mtunda ukawirikiza kawiri, kusiyana kwa chinthu ndi chinzake cha kumbuyo kwake kumatsala gawo limodzi mwa anayi. Phindu lake lalikulu lili pomwe manja amafika. Telala wolowetsa ulusi pa singano, mnyamata wowotcherera tinthu m'kati mwa foni, mayi wothira tiyi m'kapu, amenewa ndiwo amamva msanga kuti china chake chasokonekera. Wa diso limodzi akabwera, nkhawa yanga imakhala ina: ndimamulimbikitsa magalasi a polycarbonate, osasweka wamba, kuti atchinjirize diso latsalalo.

Ana ndiwo amandigwira mtima. Mwana sabadwa akuona kuya ndi maso awiri. Richard Held, Eileen Birch ndi Jane Gwiazda a ku MIT anaonetsa mu 1980 kuti luso limeneli limatulukira cha pa miyezi inayi, kenako limanoleka mofulumira. Kale mu 1965 David Hubel ndi Torsten Wiesel ku Harvard anali atapatutsa dala diso limodzi la ana a mphaka. Mwa mphaka wabwinobwino pafupifupi maselo anayi mwa asanu alionse a mbali yoona ya ubongo amamvera maso onse awiri. Mwa amphaka okula ndi diso lopatuka, oterowo anatsala pafupifupi limodzi mwa asanu. Awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 1981. Mwana wa munthu diso likapatuka, ubongo umathawa kuona ziwiriziwiri pozimitsa uthenga wa diso lopatukalo, ndipo zikakhalitsa disolo limafooka lili lamoyo.

M'zipatala zina za maso muli kabuku ka chithunzi cha ntchentche yaikulu. Mwana amavala timagalasi tapadera n'kuuzidwa kuti agwire mapiko. Woona kuya amatsina m'mwamba, pamwamba pa pepala, ena mpaka kubweza dzanja ndi mantha. Wosaona kuya amangogunda pepala. Ana ambiri a diso lolowera m'kati amakhala kuti maso awo akufuna magalasi a plus, ndipo akawavala disolo limawongoka popanda mpeni. Magalasi a mwana wotere ndi mankhwala, ndipo ndimawapanga ndi mantha onse. Mphuno ya mwana ndi yaphwatalala, fulemu imatsetsereka, mwana n'kumasuzumira pamwamba pake, mankhwala n'kupita pachabe. Ndimasankha fulemu yozungulira yofika m'nsidze, n'kumangirira lamba kumbuyo kwa mutu, ndipo amayi ake ndimawauza kuti, "Mayi, akangodzuka avale, avule pogona. Akapindika bwerani, kuwongola sindilipiritsa."

Pali nkhani ya Susan Barry, amene anali mphunzitsi wa za ubongo pa Mount Holyoke College ku America, imene Oliver Sacks analemba mu 2006. Mayiyu maso ake anapatuka ali khanda, anachitidwa maopaleshoni atatu ali mwana, maso n'kuoneka owongoka, koma kuya sankakuona. Ali ndi zaka 48, ataphunzitsidwa kulozetsa maso onse awiri pa malo amodzi, anayamba kuona mpata pakati pa zinthu, kuyambira pa chiwongolero cha galimoto yake. Nkhaniyi imandiuza kuti wamkulu asatayidwe. Koma zinamutengera magalasi a prism, katswiri womuyang'anira ndi kulimbikira kwa tsiku ndi tsiku, ndipo si aliyense amene zimamuyendera chomwecho. Chimene iye anachipeza movutikira pa zaka 48, khanda limachipeza lili kumsana kwa amake, ngati maso ali pa mzere.

Khanda la masabata ochepa diso limatha kusochera nthawi zina, zimenezo n'zachibadwa. Koma anthu akamakuuzani kuti zidzatha akamakula, musamvere, pakuti nthawi zina diso lopatuka limabisa ng'ala kapena matenda ena a m'kati. Ngati mwana wanu wapyola miyezi inayi diso likupatukabe, pitani naye kuchipatala cha maso mwezi uno, osadikira kuti ayambe sukulu.