Usakwere basi ya ku Joni ndi chakukhosi

Mwana wanga,

Ndasankha kulemba chifukwa pamaso umandidula mawu ndikangotchula atate ako aang'ono. Uwerenge mpaka kumapeto.

Zimene anatichita sindikuzichepetsa. Misozi ya maliro a bambo ako isanaume, anabwera ndi galimoto n'kunyamula makina osokera, njinga, ngakhale malata amene tinaimika kuseri kwa nyumba. Iwe unali pakhomo, kamnyamata, utagwira mpini wa khasu, milomo ikunjenjemera. Kumeneko kunali kulanda katundu wa amasiye, ndipo lamulo la 2011 limati ndi mlandu. Mulungunso amanyansidwa nako. Koma chondisowetsa tulo lero ndiwe. Mgonero unausiya chifukwa oyendetsa mbale ya mkate ndi iwowo. Ukawaona mumsika umakhotera kwa ogulitsa matemba. Pa Pemphero la Ambuye, tikafika pa mawu okhululukirana, pakamwa pako pamatsekeka. Ndimakuona ndili kumbali ya amayi. Iwo anatenga malata, tsopano iwe wawawonjezera mapemphero ako.

Ndende ya Zomba umaidziwa kunja kokha. M'menemo anaferamo a Orton Chirwa mu Okutobala 1992. Iwo ndi akazi awo, mayi Vera Chirwa, anagwidwa mu Disembala 1981, anagamulidwa kuti aphedwe mu 1983, kenako chilango chinasanduka cha moyo wonse. Ankasungidwa motalikirana, ndipo anaonana komaliza patangotsala masabata ochepa kuti bambowo amwalire. Mayiwo anatuluka mu Januwale 1993, ali wamasiye. Akanakhala pakhonde n'kumatukwana, ndani akanawadzudzula? Koma anabwerera ku ntchito ya malamulo, nayambitsa bungwe la Malawi CARER, ndipo pambuyo pake anapatsidwa udindo woyendera ndende za mu Africa, kukaona mmene akaidi akusungidwira. Choipa sanachitche chabwino, anachinena poyera, koma mphamvu zawo anazipereka kwa otsala m'zitolokosi. Zako zikuthera pa munthu mmodzi, atate ako aang'ono a ku Domasi.

Mwezi watha anabwera ndi thumba la mpunga wa ku Chilwa, atawonda, akuyendera ndodo. Unati mpunga si makina. Sunaname. Zakeyu atalapa anabweza kanayi, ndipo kulapa kosabweza kumatsimphina. Komabe nkhaniyo ili pakati pa iwo ndi Mulungu wawo, ndipo mlandu suwola. Yako ndi iyi: unakondwa utamva kuti akudwala. Unaseka, mwana wanga, ndili pomwepo. Limenelo ndi tchimo, ndipo silinachokere ku Domasi. Kawerengenso Luka 15, uyang'anitsitse mkulu wake wa mwana wolowerera uja. Sanasakaze chuma, sanachoke pamudzi, koma ndiye anatsala panja phwando lili m'kati, bambo ake akumudandaulira.

Ku Joni akakupsetsa mtima ambiri. Bwana akakudula malipiro, mnzako wogona naye chipinda chimodzi akakubera foni, ena akakutukwana chifukwa ndiwe mlendo. Ukanyamula chakukhosi chakale, chatsopano chikapeza malo okonzeka kale, ndipo Mulungu ukayamba kumuwerengera pamodzi ndi okulakwira. Ndawaona anyamata otere akubwerako ndi ndalama, koma osatha kugwada.

Kukhala wa Mulungu sikutha ndi misozi ya pa msonkhano wa chitsitsimutso. Mawa lake mkwiyo umadzukanso, ndipo umaupereka kachiwiri, mkuja kachitatu. Upite kwa abusa akupatse kalata yosamukira, ukangofika ukaipereke ku mpingo Lamulungu loyamba, usadikire kuti ntchito ikhazikike. Ukabwerere ku Mgonero.

Basi ndi ya Loweruka. Lachinayi ndikufuna tikwere minibasi ya ku Domasi. Sindikuti ukawauze kuti sanalakwe, kapena kuti makina tawaiwala. Ukawapatse moni, ukawatsanzike monga mwana wa mchimwene wawo, ndipo akapempha pemphero, ukapemphere ndiwe. Nkhuku yopita nayo ndagula kale.

Ndine amayi ako.