Za Galimoto Yakale ya Atate Athu

Ife ana anayi a bere limodzi, okhala ku Chinamwali m'mphepete mwa mzinda wa Zomba, tafuna kukusimbirani za galimoto imene idagona kuseri kwa nyumba yathu zaka zoposa 30, ndi za manyazi amene tidadzitengera poiutsa. Tidziwa kuti ambiri a inu mulibe galimoto. Koma aliyense ali nako kanthu kamene adakalandira kali kabwino, nakaleka kufikira kadachita dzimbiri.

Zomba idali likulu la dziko lino kuyambira 1891 kufikira 1975, pamene Boma lidasamukira ku Lilongwe. Atate athu adali makaniko wa magalimoto a Boma. Mzungu wina wa m'maofesi, pobwerera kwawo chaka chomwecho, adawasiyira galimoto yake yaing'ono, pakuti ndiwo adali kumkonzera masiku onse. Dzina lake ndi MG TC. Magalimoto a mtundu umenewu adapangidwa ku Abingdon, m'dziko la England, kuyambira 1945 kufikira 1949, ndipo onse adakwana 10,000. Mumalowa anthu awiri okha, denga lake ndi lansalu, mikombero yake ndi ya masipoko monga ya njinga. Siinyamula chimanga kapena nkhuni: adaipangira liwiro ndi chikondwerero basi.

Atate adayenda nayo zaka zingapo, ndipo kamodzi pachaka ankakwera nayo phiri la Zomba pamodzi ndi Amayi. Koma zitsulo zake zidayamba kusowa, ife ana tidali pasukulu, ndalama zidachepa. Tsono adaiimika patsinde pa mango, nati adzaikonza akakolola. Adakolola kambirimbiri, kufikira tsiku limene Mulungu adawaitana. Nkhuku zidaikira mazira pampando, makoswe adamanga zisa pa injini. Ogula zitsulo zakutha adafika katatu, ndipo katatu konse Amayi adawabweza.

Tsiku lina, titachoka ku Misa yopempherera mzimu wa Atate, Amayi adati: “Ana anga, ndisanatsikire kuli chete ndifuna kukweranso phiri lija pa galimoto ya atate anu.” Tidayang'anana, koma panalibe wolimba mtima kukana.

Tidakaitana mkulu wina wokalamba, mnzawo wa Atate pantchito. Iwo sadayang'ane utoto konse. Adayala thumba pansi, nagona kunsi kwa galimoto, nalasalasa ndi nsonga ya mpeni. Potuluka adati: “Ana inu, galimoto iyi sidafe ndi msewu ayi, yafa ndi kukhala. Tiyambira m'kati, kumene maso saona.”

Choyamba chidali thupi. Magalimoto amenewa ali ndi malata okhomedwa pa nthiti zamatabwa, za mtengo wa ku Ulaya wotchedwa ash, ndipo chiswe cha kwathu kuno chidaukonda mtengo wachilendowo koposa. Titakoka chitseko chidatsalira m'manja. Mmisiri wa matabwa wa mumphakati mwathu adachotsa nthiti imodziimodzi, naiyesa, nasema ina ya mlombwa yofanana nayo, pakuti mlombwa chiswe sichiufulumira.

Chachiwiri chidali injini, ya mapisitoni anayi, ya 1,250 cc. Mapisitoniwo adamatirira ndi dzimbiri. Mng'ono wathu adafuna kuti tiikoke ndi lole kuti amasuke mwamphamvu, koma mkulu uja adakana, nati tikatero tithyola zimene sitidzazipezanso. Adachotsa mapulagi, nathira dizilo m'mabowo mwake, ndipo m'mawa uliwonse tinkagwedeza galimoto pang'ono ili m'giya. Padapita masabata atatu osasintha kanthu; sabata lachinayi injini idatembenuka. Zoonadi, kuona maso a nkhono n'kudekha. Pambuyo pake tidatsuka thanki, m'mene petulo wakale adasanduka phula. Tidamasula makabuleta ake awiri ndi kuwatsuka. Tidalowetsa mawaya atsopano m'malo mwa odyedwa ndi makoswe. Matayala a mainchesi 19 sitidawapeze kuno, ndipo adatitumizira ndi alamu athu a ku Johannesburg.

Tsono pano ndi pamene tidachimwa, ndipo tiulula poyera. Tsiku limene injini idalira koyamba, amayi oyandikana nafe adaimba nthungululu, ndipo mitima yathu idadzikuza. Tidasonkha ndalama, tidagula utoto wofiira, galimoto idawala ngati yatsopano. Mkulu uja adatichenjeza kuti mabuleki sadakhudzidwe, ndi kuti timphira take tikali m'njira. Koma iwo atapita kumaliro ku Chingale, tidanyengana kuti kuzungulira kamodzi kokha sikulakwa. Achimwene athu aakulu adagwira chiwongolero. Pa kamtsetse kotsikira kumsewu adaponda buleki, ndipo phazi lidangofika pansi osagwira kanthu. Patsogolo padali ana atatu ochokera kumjigo, ndowa zili pamutu. Achimwene adakhotera kumanzere, naphwanya mpanda wa anansi athu, galimoto nkukaima m'munda mwa chinangwa. Palibe adapweteka; koma usiku umenewo sitidagone, poganiza kuti tikadaika mwana wa mwini m'manda chifukwa cha kunyada kwathu.

M'mawa mwake tidapita kukapepesa kwa eni mpanda ndi kwa makolo a ana aja, nkhuku ili m'manja, ndipo mpanda tidaumanganso tokha. Loweruka tidapita kukalapa. Mkulu uja pobwera sadatikalipire. Adangosisita utoto uja nati: “Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.”

Pamenepo adatikhazika pansi natiphunzitsa. Buleki ya galimoto yotere igwira ndi mafuta oyenda m'timipope: ukaponda, mafutawo akankha tizitsulo tokanikiza mkombero m'kati. Galimoto ikakhala zaka zambiri, mafutawo amwa chinyezi, timphira tiuma ndi kung'aluka, timipope tidyeka ndi dzimbiri. Kunja sikuoneka kanthu, kufikira ola limene ufuna kuima. Tidasintha zonse, mikombero inayi yonse, ndipo ntchitoyo idatidyera miyezi iwiri ndi ndalama zoposa za utoto. Titatha tidapita nayo kukayesedwa kwa a Boma oona za pamsewu, tidalandira chikalata chimene anthu amati COF, tidalipiranso inshuwaransi, pakuti Mkhristu sayenera kuzemba lamulo lotchinjiriza moyo wa mnzake.

Pa 25 July, tsiku la Kristofa Woyera, nkhoswe ya apaulendo, Bambo Mfumu adaidalitsa pabwalo la tchalitchi. Atawaza madzi odalitsidwa adatiyang'ana momwetulira nati: “Madzi awa salowa m'malo mwa mafuta a buleki.” Tidaweramitsa mitu, pakuti mbiri yathu idawafika.

Tsono Amayi adavala chitenje chawo cha pa Pasaka, nakhala pampando umene adaukhala kale, kolona ili m'manja. Achimwene adayendetsa, ife atatu tidatsata pa njinga zamoto. Phiri la Zomba nsonga yake ipitirira mamita 2,000, ndipo msewu wake ukhotakhota m'mbali mwa phompho. Kagalimoto kadakwera pang'onopang'ono, anyamata ogulitsa zipatso m'mbali mwa msewu akukathamangira. Tidafika ku Ku Chawe, tidaonanso damu la Mulunguzi limene limwetsa mzinda wonse. Amayi adakhala chete nthawi yaitali, akuyang'ana chigwa pansi, kenaka adati: “Atate anu ankaima pomwe pano.”

Koma mayeso enieni adali potsika. Pokwera phiri iyesedwa ndi injini, imene anthu onse aimva ndi kuitama. Potsika iyesedwa ndi buleki, imene palibe aiona. Achimwene adatsika m'giya yaing'ono monga adawalangizira, kuti mabuleki asatenthe, ndipo pa ngodya iliyonse galimoto idamvera. Amayi adatsiriza kolona yawo tikulowa mumzinda.

Abale athu, taonani tsono. Zaka zonse zija palibe mdani adaiononga galimoto ya Atate. Idaonongeka ndi mawu akuti tikakolola. Ndipo poikonza tidathamangira chooneka ndi maso, nkusiya chosunga moyo. Momwemonso zichitika m'nyumba zathu: pemphero la madzulo lilekeka sabata limodzi, kenaka chaka, mwamuna ndi mkazi aleka kukhululukirana, chikhalirecho pa Mulungu avala zoyera nakhala patsogolo m'tchalitchi. Tsiku la mtsetse lidzafika, la matenda kapena la njala, ndipo pamenepo padzadziwika ngati m'kati muli chogwira. Musadikire kukolola. Yambani lero, ndipo yambirani m'kati.

Galimoto ija tsopano igona m'kachisakasa kofolera bwino, ndipo pa Mulungu paliponse tiiyendetsa pang'ono, kuti ingafenso ndi kukhala. Mutikumbukire m'mapemphero anu, pamodzi ndi mzimu wa Atate athu.