Pa kompyuta nyanja sikwera

Umboni uwu ndikuupereka kwa anzanga amene muli ndi malo m'mbali mwa nyanja ndipo usiku mumatsegula laputopu n'kumajambula nyumba imene mtima wanu ukufuna. Ena muli ku Lilongwe, ena ku Joni, ndipo pulani mumangoitumiza kwa mmisiri pa WhatsApp pamodzi ndi ndalama za simenti. Njira imeneyi inenso ndinayendamo, ndipo ndalama zimene ndinasunga kwa zaka zinathera m'maziko amene pamwamba pake sipadzaima khoma.

Kwathu ndi m'dera la Mfumu Maganga ku Salima, kufupi ndi Senga Bay. Ndinkafuna kumangira mayi anga nyumba yosanja: iwo azikhala pansi chifukwa cha mawondo, ine ndi ana tizigona m'mwamba tikabwera kutchuthi, pakhonde tizionera mabwato akuchokera ku usipa m'mawa. Mapulogalamu ojambulira nyumba masiku ano ndi ambiri. Alipo monga SketchUp ndi Sweet Home 3D, amene munthu wamba angaphunzire yekha poonera mavidiyo pa intaneti. Umakoka makoma, kuika zitseko ndi mawindo, kenako n'kudina batani, ndipo nsanja yachiwiri yaima pamwamba pa yoyamba. Ukhoza kulowa m'zipinda ndi maso, kusintha penti, kuika mipando. Pulogalamu imene ndinagwiritsa ntchito inachita ntchito yake bwino lomwe. Vuto linali loti chithunzicho chinali chokongola kwambiri moti ndinayamba kuchikhulupirira kuposa anthu.

Woyamba kundichenjeza anali mmisiri wachikulire wa m'mudzi mwathu. Anayang'ana pepala nthawi yaitali, n'kuloza masitepe. "Bwana, apa munthu sangakwere. Mutu ugunda silabu." Anandiwerengera pansi ndi kamtengo. Kuchokera pansi kufika nsanja ya m'mwamba pali mamita 3. Kuti mwendo ukwere bwino, pafunika masitepe pafupifupi 17, ndipo popondapo phazi pakhale masentimita 25. Ndiye kuti masitepe okhawo afuna malo otalika mamita 4, komanso bowo lalikulu m'silabu loti mutu uzidutsa. Ine ndinawapatsa kakona kakang'ono. Kuti akwane, ankayenera kudya theka la chipinda cha mayi. Ndinakonza pamenepo pokha, koma sindinadzifunse kuti ngati masitepe andiphonya chonchi, n'chiyani china chimene sindikuchiona.

Wachiwiri anali mayi. Atayendera zikhomo zimene tinakhoma, anandiitanira pambali. "Mwana wanga, pamene wakhoma zikhomopa ife tinkachapirapo. Nyanja inkafika pa mkuyu uwo." Ndinawayankha mwaulemu kuti zimenezo n'zakale, madzi anabwerera kalekale. Mayi ankanena za m'ma 1980, pamene Nyanja ya Malawi inakwera kupitirira mamita 477 pamwamba pa mulingo wa nyanja ya mchere. Ine ndinakula ndikuona nyanja yotsika, gombe lotambalala, ndipo ndinkayesa kuti mchenga wonsewo ndi mtunda.

M'chilimwe tinakumba maziko. Mchenga unkagumuka wokha m'ngalande, ndipo tisanafike pakuya madzi anayamba kutuluka pansi. Anyamata ankawakapa ndi ndowa, ife n'kumathira konkire. Simenti, miyala ya kwale ndi zitsulo zonse zinalowa m'menemo.

Kenako kunabwera 2024. Mvula itagwa yambiri, nyanja inakwera mwezi ndi mwezi, ndipo mu Epulo inapitirira mamita 476, mulingo umene sunaoneke kwa zaka zambiri. Malo ogona alendo ndi nyumba za anthu ku Salima, Nkhotakota ndi Mangochi zinalowa madzi. Ambiri anapempha kuti zitseko za Kamuzu Barrage ku Liwonde zitsegulidwe kwambiri, koma madzi otuluka kumeneko amatsikira ku malo opangira magetsi pa Shire ndi kumidzi ya ku Chikwawa ndi Nsanje, choncho sangangowataya. Bungwe la National Water Resources Authority linakumbutsa anthu kuti pansi pa mzere wa mamita 477 sipoyenera kumangapo. Maziko anga anali pansi pa mzerewo. Madzi anaimamo, ndipo mwera utayamba, mafunde anakokolola mchenga pansi pa konkire mpaka mbali ina inang'ambika n'kutitimira.

Ndinalira. Ndalama zinandiwawa, koma chinandiwawa kwambiri n'chakuti ndinawalonjeza mayi nyumba pamaso pa abale, ndipo iwo anali atandiuza zoona ine osamva.

Apa mpamene ndinapita kwa injiniya, zimene ndikanachita poyamba. Ndinamuonetsa pulani yanga kuti andithandize kuisamutsira pamtunda. Anaiyang'ana n'kundifunsa kuti makoma a m'mwamba akhala pa chiyani. Balaza la pansi ndinalijambula la mamita 6 m'lifupi ndi 8 m'litali, lopanda mzati pakati, ndipo pamwamba pake ndinaikapo zipinda ziwiri ndi bafa, makoma ake osalunjika ndi khoma lililonse la pansi. Anandilembera masamu. Konkire wa kiyubiki mita imodzi amalemera pafupifupi makilogalamu 2,400. Silabu yokhuthala masentimita 15 imalemera makilogalamu 360 pa sikweya mita iliyonse. Pa balaza langalo ndiye matani 17, ngati matumba a chimanga oposa 340 atapachikidwa pamwamba pa mutu wa mayi anga, tisanawerengere makoma, mabedi, anthu ndi thanki ya madzi. Pa kompyuta zonsezi zimangoyandama popanda chozigwira.

Anandikumbutsanso chinthu chimene aliyense wamkulu ku Salima amachidziwa. Nyanja yathu ili m'chigwa chimene nthaka yake imagwedezeka. Pa 10 Malichi 1989 chivomezi chinagwetsa nyumba ku Salima, anthu anafa ndipo zikwi zambiri anasowa pogona. Mu Disembala 2009 zivomezi zinagwedeza Karonga. Nyumba yosanja yomangidwa pamchenga wonyowa, yopanda mizati ndi mabimu omangana kuyambira m'maziko mpaka kudenga, ikagwedezeka imagwera amene ali pansi. Nditamva zimenezi ndinathokoza Mulungu kuti madzi anandiimitsa ndikadali pa maziko.

Panali zinanso zimene chithunzi sichinena. Galasi lalikulu limene ndinaika moyang'ana nyanja likanalandira mwera miyezi yonse yozizira, ndipo mu Okutobala chipindacho chikanatentha osagonamo. Thanki ya chimbudzi ndinaiika pamene madzi a pansi ali pafupi, kotero zonyansa zikanalowa m'chitsime cha anansi ndi m'nyanja momwe ana amasambira. Madzi a m'mipope sakanakwera m'bafa la m'mwamba popanda thanki yokwezeka. Komanso pulani yanga inalibe siginecha ya katswiri, choncho ku khonsolo sakanaivomereza, pamene lamulo la Physical Planning Act la 2016 limafuna kuti chitukuko cha pamalo chiyambe chavomerezedwa.

Pulogalamu ija sindinaitaye, ndipo sindikuuzani kuti muitaye. Imathandiza kwambiri pokambirana. Mayi sadziwa kuwerenga mizere ya pulani, koma ataona chithunzi ananena msanga kuti khitchini ikhale ndi khomo lotulukira panja pamene angaphikire pa mbaula, ndiponso kuti khonde lalikulu likhale pansi pomwe alendo amafikira. Injiniya nayenso anamva msanga zimene banja likufuna. Ntchito ya pulogalamuyi ndi imeneyo. Za kulemera kwa nyumba, kulimba kwa nthaka, kukula kwa zitsulo ndi pamene madzi amafika, amadziwa ndi anthu.

Panopa tikumanga pamalo ena okwera, kutali ndi gombe. Tayamba ndi nyumba ya pansi, mizati yake yowerengedwa kale kuti idzanyamule nsanja ina ndalama zikadzapezeka. Konkire tikumuthirira madzi ndi kumudikira kuti akhwime, pakuti mphamvu zake zimakwana pakapita masiku 28, ngakhale mtima ukufuna kuthamanga.

Inu amene muli kutali ndipo mwatsala pang'ono kutumiza chithunzi kwa mmisiri, chonde sinthani ndondomeko. Yambani mwafunsa agogo a m'mudzimo pamene nyanja inafika m'zaka za madzi ambiri. Pezani woyeza malo akuuzeni kukwera kwa puloti yanu. Lipirani injiniya awerenge maziko, mizati ndi silabu, ndipo pulani ipite ku khonsolo. Ndalama zimenezi n'zochepa poyerekeza ndi simenti imene ine ndinaikwirira m'madzi, ndipo pansi pa silabu imene mukujambulayo padzagona makolo anu ndi ana anu.